Quiche ya Agogo Kutsidya la Nyanja

Ku Thionville, mzinda wa kumpoto chakum'maŵa kwa dziko la France, nthaŵi ikamakwana 6 koloko madzulo, ku Montréal m'dziko la Canada dzuŵa limakhala lili paliwombo. Pakati pa malo aŵiriŵa pali nyanja ya Atlantic ndi mtunda wa makilomita oposa 5,000. Kwa zaka pafupifupi ziŵiri, kuyambira chakumapeto kwa 2019, pa nthaŵi imeneyi tsiku Lamulungu mnyamata wina wa ku Thionville ndi mtsikana wina wokhala ku Montréal ankayatsa mauvuni awo, aliyense kwake, n'kutsamiritsa foni pakati pa ziŵiya kuti azionana nkhope, ndipo ankaphika chakudya chimodzimodzi. Mtsikanayo ankachidya ngati nkhomaliro, mnyamatayo ngati mgonero. Maina awo alibe ntchito m'nkhani ino. Chofunika kudziŵa n'chakuti aŵiriŵa adali atatomerana, ndipo tsiku la ukwati lidali lisadadziŵike.

Chakudyacho dzina lake ndi quiche, ndipo Afalansa polankhula amamveka ngati akuti "kishi". Amene sadachione angochiyerekeza ndi mbale yoti munthu n'kudya ndi mbale yomwe. Pansi ndi m'mbali mwake ndi mtanda wa ufa wa tirigu wosakaniza ndi batala, wofutukulidwa mpaka kupyapyala. M'kati mwake amathiramo mazira omenyedwa pamodzi ndi kirimu, kuphatikizapo timaduka ta nyama ya nkhumba yoŵamba pa utsi. Zonsezi zimakhala mu uvuni mphindi 35 kapena 40, n'kutuluka zitafiira pamwamba, pakati pakugwedezeka pang'ono ngati phala loyamba kuzizira. Kwawo kwenikweni kwa chakudyachi ndi ku Lorraine, dera lomwe muli Thionville, Metz ndi Nancy. Odziŵa za zinenero amati dzinali ndi mbale wake wa mawu a Chijeremani akuti Kuchen, kutanthauza keke. Kale pansi pakepo ankayalapo mtanda wa buledi, ndipo kuthira batala kudadza pambuyo. Msanganizo wa mazira ndi kirimu uja uli ndi dzina lakelake ku Lorraine, migaine, limene munthu wa ku Paris mwina sadalimvepo chibadwire.

Sizodabwitsa kuti chakudya cha Chifalansa chikhale ndi dzina lonunkhira Chijeremani, pakuti Lorraine ndi dziko la m'malire, ndipo malirewo akhala akusendezedwa uku ndi uku ngati mpanda wa anthu olimbirana munda. Derali lidaloŵa m'manja mwa mfumu ya France mu 1766. Mu 1871, France atagonja pa nkhondo, Germany adatenga Alsace ndi gaŵo lina la Lorraine, kotero kuti Metz ndi Thionville zidakhala za Ajeremani pamene Nancy adatsala ku France. Thionville ankalembedwa kuti Diedenhofen mpaka itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Mu 1940 Ajeremani adabweranso. Mabanja a kumeneko amadziŵa bwino tanthauzo la kukhala ndi mbale wako kutsidya kwa mzere umene wajambulidwa ndi anthu ena.

Komatu aŵiri athuŵa sadalekanitsidwe ndi nkhondo ayi, koma ntchito. Chigwa cha Fensch, pafupi ndi Thionville, kale chinkadyetsa mabanja ambirimbiri ndi ntchito ya chitsulo, ndipo agogo aamuna a mtsikanayo adakalambira m'menemo. Ng'anjo zikuluzikulu za ku Florange zidazimitsidwa mu 2013, zina zambiri zitazima kale. Achinyamata adayamba kuyang'ana kwina. Mnyamatayo adali mmodzi mwa anthu oposa 100,000 okhala ku France amene amaoloka malire kukagwira ntchito ku Luxembourg, kulaŵirira pa sitima m'maŵa n'kubwerako kutada. Mtsikanayo adali namwino. Mu 2008 maboma a France ndi Québec adagwirizana zolemekezerana maphunziro a antchito a mbali zonse ziŵiri, ndipo anamwino ambiri a ku France adadzera pa khomo limeneli. Iye adati akakhalako zaka ziŵiri zokha, aone dziko, asunge ndalama, kenaka abwerere. Mnyamatayo adavomera ndi pakamwa.

Amene adatsala ndi nkhaŵa yaikulu adali agogo aakazi a mtsikanayo, mayi wa zaka zoposa 85 wokhala yekha m'mudzi wina kufupi ndi mtsinje wa Moselle. Iwoŵa ndiwo adali eni quiche ya pabanjapo. Kaphikidwe kake sikadalembedwe paliponse. Ufa ankayeza ndi kapu yakale yobenthuka mlomo, batala ankayeza ndi maso, ndipo madzi ankathira mpaka zala zitanena kuti basi. Mdzukulu wawo adakula akudya chakudyachi chaka ndi chaka osalabadira kuti chimapangidwa bwanji, monga achitira ana onse amene amaganiza kuti agogo sadzatha. Ponyamuka adapempha bwenzi lake kuti azikaŵazonda agogowo. Mnyamatayo adayamba kupitako Lamulungu m'maŵa, kuŵaŵazira nkhuni, kukonza mpope wodontha, kunyamula katundu wa kusitolo. Kwathu kuno akadati wayamba ntchito ya chikamwini asadakwatire. Malipiro ake adali kuimirira pambali pa tebulo n'kumaonerera manja a agogo.

Tsiku loyamba limene adaloledwa kugwira mtanda adalakwa kwambiri. Iye kwawo ndi ku Franche-Comté, kumene kumachokera tchizi chotchuka cha Comté, ndipo kwa iye chakudya cha mu uvuni chopanda tchizi chidali ngati ndiwo zopanda mchere. Adatulutsa kachidutswa m'thumba kuti aperesere pamwamba. Agogo sadakweze mawu. Adangomuuza kuti chimene akufuna kuphikacho n'chabwino ndithu, ndipo akhoza kukachiphika kwa amake. Anthu a ku Lorraine salola nthabwala pa nkhani imeneyi: quiche yawo ndi mazira, kirimu ndi nyama ya nkhumba, kwatha. Yothira tchizi amati ndi ya ku Vosges, yothira anyezi ndi ya ku Alsace. Kunja kwa France dzinali lidamasuka kotheratu, kotero kuti pa mwambo wolonga ufumu Mfumu Charles III ya ku Britain mu Meyi 2023, anthu adalimbikitsidwa kuphika quiche ya sipinachi, nyemba ndi tchizi, yopanda nyama ndi pang'ono pomwe. Agogo a ku Moselle akadangopukusa mutu.

Mnyamatayo adali munthu wa manambala, wogwira ntchito yoŵerengera ndalama, ndipo kuyeza ndi maso kudamusautsa. Adabwera ndi sikelo. Agogo akatapa ufa ndi kapu yawo, iye ankaulanda n'kuuika pa sikelo asadauthire m'mbale. Atachita zimenezi kangapo adalemba pa pepala: ufa magalamu 250, batala magalamu 125, mchere pang'ono, madzi ozizira masupuni anayi, mazira anayi, kirimu mamililita 300, nyama magalamu 200, tsabola, moto madigiri 190. Adajambula pepalalo n'kulitumiza ku Montréal, ndipo apa ndi pamene padayambira pangano la Lamulungu.

Aŵerengi ena adzafunsa kuti phindu lake n'chiyani, popeza fungo silidutsa m'foni ndipo munthu sangalaŵe cha mnzake. Funsoli lili ndi yankho. Anthu okondana otalikirana amavutika ndi chinthu chimene oyandikana sachiganizira n'komwe: nthaŵi yawo yonse imakhala yolankhula. Akaimbirana foni sangakhale chete, chifukwa kukhala chete pa foni kumamveka ngati mkwiyo. Tsono nkhani zimatha. Wina akafotokoza za kuntchito, wina za nyengo, chotsatira ndi mafunso olemera aja, akuti ubwera liti, ndipo tidzakhala kuti. Kuphika kudaŵapatsa ola limodzi ndi theka loti akhale pamodzi osakakamizika kunena kanthu. Wina ankamva mpeni wa mnzake ukugogoda pa thabwa, mafuta akulira m'chiŵaya, madzi akutuluka pa mpope. Mawu akatuluka adali aang'ono, ofunsa ngati mtanda wazizira kapena ngati nyama yafiira. Moyo wa banja umamangidwa kwambiri ndi mawu otere.

Vuto lidali limodzi. Ya mnyamatayo inkapsa bwino, pansi pake pofumbutuka m'kamwa monga ya agogo. Ya mtsikanayo inkakana. Mtanda wake unkabwerera ngati mphira akaufutukula, mu uvuni unkakhwinyata n'kutsika m'mbali, ndipo ukapsa unkalimba koti mpeni n'kuterereka. M'kati nthaŵi zina munkatuluka madzi. Adatsata pepala lija mzere ndi mzere, adagula sikelo yakeyake, koma sizidasinthe. Poyamba ankaseka n'kuonetsa foni chigoba chakecho. Patapita miyezi kuseka kudachepa.

Kenaka kudagwa mliri wa Covid-19. Pa 17 Malichi 2020 anthu a ku France adalamulidwa kukhala m'nyumba, ndipo tsiku lotsatira Canada adatseka malire ake kwa alendo ambiri. Tikiti imene mnyamatayo adagula ya pa Isitala idapita pachabe. Mtsikanayo, pokhala namwino mu mzinda umene mliriwo udakantha koopsa, makamaka m'nyumba zosungira okalamba, ankafika kunyumba miyendo ili zii, ndipo Lamulungu lina sankapuma n'komwe. Kupita kwawo kukacheza kukadatanthauza kudzibindikiritsa masiku 14 pobwerera, masiku amene chipatala sichikadampatsa. Mnyamatayo ankasiya katundu pakhomo pa agogo n'kuŵaonetsa quiche yake pa zenera, iwo n'kumaloza ndi chala pamene papsa mopitirira. Malamulo atapepukako adayambanso kuloŵa m'nyumba. Motero mlendo wa ku Franche-Comté ankaloŵerera m'banjamo sabata ndi sabata, pamene mwana wa m'banjamo ankalephera chakudya cha kwawo ali yekha m'kachipinda ka kutsidya la nyanja. Mtsikanayo sadanene zimenezi kwa wina aliyense, koma zidamkhala pamtima.

Chithupsa chidaphulika pa 14 Malichi 2021, ndipo choyambitsa chidali wotchi. Maiko a ku Ulaya ndi a ku North America amasendeza mawotchi awo ndi ola limodzi nyengo yofunda ikamayandikira, koma sachita tsiku limodzi. Canada amasintha Lamulungu lachiŵiri la Malichi, France Lamulungu lomaliza. Pa masabata a pakatipo kusiyana kwa nthaŵi kumakhala maola asanu m'malo mwa asanu ndi limodzi. Mtsikanayo adaimba 12 koloko yake monga mwa masiku onse, mazira ali pa tebulo, uvuni utatentha. Ku Thionville idali 5 koloko, ndipo mnyamatayo adali pa msewu kuchokera kwa agogo, akuthamangira kufika kunyumba isadakwane 6 koloko, nthaŵi imene lamulo la masiku amenewo linkafuna kuti aliyense akhale ataloŵa. Foni idalira kasanu osayankhidwa. Pamene iye adaimba, mtsikanayo adali ataphika yekha, ndipo quiche idali italimbanso.

Zimene adauzana usiku umenewo sizidakhudze wotchi kwenikweni. Mtsikanayo adati mnzakeyo wamlanda agogo, wamlanda ndi chakudya chomwe, ndipo pepala adamtumiziralo mwina adasiyapo china dala. Mnyamatayo adayankha kuti amene adachoka si iye, ndi kuti zaka ziŵiri zija zikutha koma sadamvepo mawu a kubwerera. Onse adanena zoona, ndipo n'chifukwa chake zidaŵaŵa. Lamulungu lotsatira palibe adayatsa uvuni.

Amene adathetsa mlanduwu adali agogo, ngakhale kuti sadaitanidwe kukhala nkhoswe. Ataona kuti mnyamatayo wafika nkhope ili gwa, adamuumiriza kuti aimbe foni pomwepo n'kuŵapatsa. Za mkangano sadafunse. Adauza mdzukulu wawo kuti atenge ufa wake, authire madzi pang'ono, aukande, aukoke pamaso pa foni. Atayang'anitsitsa adati ufawo ndi wa buledi, ndipo pepala alitaye. Kenaka adasimba nkhani imene mdzukuluyo adali asadaimve bwino. Mu Seputembala 1939, nkhondo itangoyamba, boma la France lidasamutsa anthu a m'midzi ya m'malire a Moselle kupita nawo kutali kumadzulo, ku madera monga Vienne ndi Charente. Iwo adali kamtsikana. Kumeneko mayi awo adapeza ufa wina, kirimu wina, uvuni wa eni ake, ndipo nyama yoŵamba ya kwawo kudalibe. Quiche yoyamba idakanika, yachiŵirinso. Mayiwo adasintha ichi ndi icho kufikira tsiku limene ana adati yakoma ngati ya kunyumba. Atabwerera kwawo sadasiye zina mwa zimene adaphunzira kuchilendoko. Ndiye kuti quiche imene mnyamata adaiyeza mosamala pa sikelo, poganiza kuti akusunga chinthu cha makolo chosasinthika, idali kale yosinthidwa ndi ulendo.

Zala za agogo zidaona chimene sayansi imafotokoza motere. Mu ufa wa tirigu muli mapuloteni amene akakhudzana ndi madzi n'kukandidwa amalukana kukhala ulimbo wotanuka wotchedwa gluten. Pa buledi ulimbo umenewu ndi wofunika, chifukwa ndiwo umagwira mpweya kuti buledi afufume. Pa quiche ndi mdani. Tirigu wolimidwa m'zigwa za kumadzulo kwa Canada ndi wa mtundu wolimba, wodziŵika pa dziko lonse chifukwa cha kuchuluka kwa mapuloteni ake, kotero kuti ufa wamba wa m'sitolo za ku Montréal uli ndi mphamvu kuposa ufa wamba wa ku France. Magalamu 250 a kuno ndi magalamu 250 a uko ndi ofanana pa sikelo pokha. Batala nayenso amasiyana: wosathira mchere wa ku France amakhala ndi mafuta 82 pa 100 alionse, pamene lamulo la ku Canada limalola 80, ndipo malo a mafuta osoŵawo amatenga ndi madzi, omwe amapitanso kukadyetsa ulimbo uja. Kirimu wa ku Lorraine ndi wolimba, woŵaŵasa pang'ono chifukwa amasiyidwa kuti asase. Amene mtsikanayo ankagula adali wamadzimadzi ndi wozuna. Mazira a ku Canada amatsukidwa ndipo amasungidwa m'firiji, choncho ankaloŵa mu migaine ali ozizira, pamene a ku France amagulitsidwa osatsuka ndipo agogo ankangoŵasunga m'dengu. Ngakhale uvuni udali ndi chinenero china. Wa ku Montréal udalembedwa madigiri a Fahrenheit, ndipo 190 ya pa pepala ija kumeneko ndi 375. Mtsikanayo, pofuna kufulumira, ankaika pa 400 kapena kupitirira, ndipo mazira akapsa ndi moto wambiri amafinyika n'kulavula madzi.

Adayambanso mwatsopano, tsono popanda pepala. Adasakaniza ufa wamba ndi ufa wofeŵa wa makeke. Adachepetsa madzi, adaonjezera batala pang'ono, adaleka kukanda n'kumangofikisa ndi nsonga za zala mpaka ufa utaoneka ngati mchenga wonyoŵa. Mtanda ankaukonza Loŵeruka usiku kuti ugone m'firiji, ulimbo uja ulefuke. Adafunafuna kirimu wosasa mpaka adampeza, ndipo mazira ankaŵatulutsa m'maŵa. Nyama yokha ndiyo sidafanane konse, pakuti utsi wa ku Québec si wa ku Moselle, ndipo adangoivomereza. Pa Lamulungu lachinayi adadula kagaŵo, nalaŵa, nakhala chete nthaŵi yaitali, mnyamata akudikira kutsidya ndi foloko m'manja. Pambuyo pake adapempha kuti foni ya sabata yamaŵa idzaimbidwe kuchokera kwa agogo.

Kunena zoona, kupsa kwa quiche sikudayankhe funso lija la kumene aŵiriŵa adzamange banja. Mtsikanayo adali atazoloŵera ntchito yake ndipo ankapatsidwa udindo umene kwawo akadaudikira zaka. Mnyamatayo adali ndi malipiro abwino ku Luxembourg, komanso tsopano adali ndi nkhalamba yomuyembekezera Lamulungu lililonse, imene sakadaisiya mopepuka. Chidasintha n'chakuti adayamba kuikamba nkhaniyo masana, manja ali mu ufa, m'malo moisunga mpaka itasanduka mkwiyo.

Pa 7 Seputembala 2021 Canada adatsegulira malire alendo olandira katemera mokwanira. Patangopita masabata oŵerengeka mnyamatayo adatsika ndege ku Montréal, m'chikwama mwake muli kapu yobenthuka mlomo ija, yokulungidwa m'malaya aŵiri. Agogo adaipereka okha, nati kwa iwo yatha ntchito popeza maso ndiwo akuyeza. Lamulungu loyamba iye adaumirira kuti aphike ndiye, monga katswiri wophunzitsidwa ndi eni ake. Adatulutsa pepala lake, adayeza magalamu 250 a ufa wa m'kabati, nathira masupuni anayi a madzi. Mtsikanayo adakhala pa mpando osanena kanthu. Mtanda udabwerera ngati mphira, mu uvuni udakhwinyata, ndipo mpeni udaterereka pa chigoba chake. Adadya m'kati mokha ndi masupuni, m'mbale imodzi, ndipo Loŵeruka lotsatira usiku mtsikanayo adamuimika pambali pa tebulo kuti aonerere.